Chisanu chinapha maungu a apongozi, ine ndinabzala ena mobisa

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 41, ndimakhala ku Citywest ndi akazi anga a Towera ndi mwana wathu Cindy. Ntchito yanga ya zomangamanga inatha chaka chatha pamene makampani anayamba kugwa, moti pano amene akutidyetsa ndi mayiwa, amagwira kunyumba yosamalira okalamba. Poopa kupenga ndi kukhala, ndinapeza kadimba ka lendi, kuno amati allotment, m'chigwa china kuseri kwa Saggart. Ndi kumene ndapalamulira mlandu.

Apongozi anga aakazi anamwalira mu January ku Ntcheu. Chomaliza chimene anatitumizira ali moyo chinali nthanga za maungu, atazimanga m'kapepala ka shuga. A Towera anazifesa mu April m'timakapu ta yogati n'kundandalika pawindo la kukhitchini, ndipo zinamera twelve. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankazitembenuza kuti zione dzuwa, pena kumaziyankhula. Kumayambiriro kwa May anapita kumudzi kukaona manda, poti pamaliro sanakhalepo. Pa airport anandiuza kuti, "Bambo a Cindy, mbande zanga musazitulutse mpaka ndibwere. May wa kuno ndi wabodza."

Sabata yachiwiri kunawala dzuwa loti azungu anavula malaya m'mapaki. Pa wailesi a zanyengo anati m'mbali mwa nyanja kukhala kofunda sabata yonse, kamphepo kayaziyazi, masana mpaka 16 degrees. Nditangomva pamenepo ndinatseka wailesi, mumtima ndikuti Dublin yense ndi m'mbali mwa nyanja momwemo. Ndinkafuna mayi akamabwera apeze maungu ali m'nthaka, aone kuti ngakhale ndili pa ulova manja ndikadali nawo. Ndili mkati mowokera, a Mathew, mkulu wa Chiairishi amene dimba lake lagundizana ndi langa, anandifunsa ngati ndinamvera za nyengozo mpaka kumapeto. Anati ananenanso kuti m'zigwa za kumtunda usiku kuzizira mpaka zero, ndipo m'chigwa chathucho chisanu chimadikha ngati madzi m'beseni. Ndinawaseka, ndikuti ine ndinakulira kumunda.

Patapita masiku awiri ndinapeza udzu uli mbuu, mbande zonse zitawauka ngati zathiridwa madzi otentha. Sipanatsale ndi imodzi yomwe.

Aphungu, apa m'pamene nzeru zinandithera. Ndinathamangira kushopu ya mbewu n'kugula mbande twelve za courgette, timaungu tatitali tobiriwira ta kuno tija, poti zikakhala zazing'ono zimaoneka ngati maungu athu. Ndinazibzala m'maenje omwewo n'kumazifunditsa nsalu imene a Mathew anandibwereka. Iwo anangopukusa mutu.

A Towera abwera Loweruka lapitali. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinawatengera kudimba. Anaima nthawi yaitali, anagwada n'kusisita tsamba limodzi, kenako anati, "Akula msanga chaka chino." Basi. Pobwerera anaimbira foni amayi a kumpingo a ku Ballymun ndi ku Crumlin, kuwaitanira nkhwani wotendera mu July, ati adzalawe za malemu mayi awo. Ndaonanso kuti ayamba kutsuka timakapu ta yogati n'kumasunga, sindikudziwa n'ta chiyani.

Chakudya sichikulowa. Ndiulule, kapena ndidikire July n'kunamizira dothi la kuno kuti lasintha mbewu? A zanyengo akuti masabata awiri akubwerawa kugombe kukhala nkhungu m'mawa ndi mphepo ya panyanja, m'zigwa kutentha masana, koma chisanu chikhoza kubwerera usiku umodzi kapena awiri. Pena ndimalakalaka chitabweradi n'kupha umboni wonse. Ndithandizeni.

C.M., Citywest

Bambo C.M.,

Khalani pansi kaye ndikuuzeni nkhani imene a Mathew akuidziwa, ine ndikuidziwa, ndipo mwina yafika kale ku Ballymun: akazi anu anazindikira. Mayi wokulira ku Ntcheu, amene wasadzula nkhwani kuyambira ali kamtsikana, sangasisite tsamba la courgette n'kuliyesa dzungu la mayi ake. Mawu aja akuti akula msanga sikunali kukuyamikirani. Anakusiyirani mpata kuti munene nokha. Chakudya cha July chija ndi malire amene akuikirani, ndipo dothi la ku Ireland lisiyeni, silinalakwe kanthu.

Ululani sabata ino, pamaso, osati pa foni. Sankhani tsiku limene mayi sali pa ntchito, atapuma, Cindy ali kusukulu. Milandu muli nayo iwiri, muinene mwa dongosolo lake. Woyamba, anakuletsani inu n'kutulutsa mbande. Umenewo ndi wopepuka, chisanu chapusitsapo alimi oposa inu. Wachiwiri ndi wolemera: munawagwaditsa pa mbewu ya m'shopu iwo akufuna kugwira chinthu cha mayi awo. Pepesani pa umenewo mosazungulira.

Muwauzenso chifukwa chake, monga mwandiuzira ine. Ulova ukuvutitsa abambo ambiri mumzinda muno, ndipo ambiri akuchita zopusa zoposa kubzala courgette pofuna kuoneka kuti akadali amuna. Akazi anu ayenera kumva kuti munkafuna kuwasangalatsa. Koma chimenecho chibwere pambuyo pa kupepesa, chisalowe m'malo mwake. Akalira, alekeni alire. Munthu amene sanaike nawo mayi ake amalirira paliponse pamene papezeka mpata.

Tsono za timakapu. Sindikulonjeza, koma munthu satsuka makapu a mbande alibe chofesa, ndipo mlimi wodziwa safesa mbewu yonse kamodzi. Afunseni ngati kapepala ka shuga kaja kanatheratu. Ngati zilipo, nthawi ikadalipo: afese pawindo tsopano, zikamera n'kukhala ndi masamba anayi muzizitulutsa panja masana n'kulowetsa madzulo kwa sabata yathunthu kuti zizolowere, kenako muwokere pakati pa June. Tsiku lowokera anene ndi iwo, inu munyamule khasu ndi chitini chothirira. Ngati zinatha, mbewu ya banja simathera m'kapepala kamodzi, achibale awo kumudzi sangaisowe, ndipo chaka chamawa chilipo.

Za nyengo, a pa wailesi sanakunamizeni, inu ndi amene munawadula pakamwa. Nyanja imasunga kufunda, n'chifukwa chake wa kugombe ku Howth amagona mtima uli m'malo pamene wa m'chigwa mbewu zikumupsera, onse mu Dublin yemweyu. Usiku wopanda mitambo ndi mphepo, kuzizira kumatsetsereka m'mapiri n'kukadikha kumunsi. Mwaiwala madambo a ku Dedza mu June, tomato wa m'dambo atawauka, wa pamtunda ali bwinobwino? Masabata awiri amenewa, mukaona madzulo kumwamba kwayera, masamba sakugwedera, pitani mukafunditse mbewu dzuwa lisanalowe. Ndipo lekani kupempherera chisanu. Sichidzasankha dimba lanu lokha, chidzapha ndi nyemba za a Mathew, munthu amene anakuchenjezani n'kukubwerekaninso nsalu.

Ma courgette musazule. Amabereka osapumira, mudzawadya okazinga, owiritsa, a supu, mpaka September, ndipo chilango chimenecho chikukwanani. Ena mudzagawire amayi a kumpingo, muwauze ndi pakamwa panu kuti ndi chiyani.

Chenjezo langa ndi limodzi. Nkhani ikafika potentha, lilime lidzafuna kunena kuti zinali nthanga chabe. Lilumeni. Zina zonsezi mudzaziseka limodzi chaka chisanathe, koma mawu amenewo akangotuluka, a Towera adzawakumbukira mpaka ukalamba.

Aphungu