Galu wa ku Kaporo

Karonga
14 Julaye 2024

Okondedwa Achimwene Swaleh,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu anga a Naima ndi ana, ngakhale ndamva kuti chisanu cha chaka chino chanyanya. Kuno tili bwino. Mphepo ikulowetsa fumbi m'shopu tsiku lonse, koma malonda akuyenda. Mpunga wa ku Kaporo wachita bwino kusiyana ndi chaka chija madzi anasefukira, ndipo wa amayi ndatumiza kale ku Mangochi.

Mudabwa kuti ndalemberanji kalata pomwe timayankhulana pafoni pafupifupi tsiku lililonse. Ndayesa katatu kukuuzani pafoni, koma mukangoti "Farida, zikuyenda?" pakamwa panga pamayankha pokha kuti zikuyenda. Mu envelopu momwemu muli mafomu a inshuwalansi ofunika kuti musaine, popeza galimoto ili m'dzina lanu. Chonde musasaine musanawerenge kalatayi mpaka kumapeto.

Achimwene, ndinakunamizani. Probox yanu sinagundidwe ndi lole itaima pamsika monga ndinakuuzirani. Ndinagunda galu, ndipo ndinathawa.

Linali Lachiwiri loyamba la mwezi watha. Ndinapita ku Kaporo kwa mayi Tusekile, amene ndakhala ndikugulako mpunga zaka zitatu tsopano. Nyumba yawo ili pafupi ndi msewu wopita ku Songwe. Amuna awo, bambo Ambokile, anali mphunzitsi, koma anadwala sitiroko ndipo mbali imodzi inafa. Amakhala pakhonde tsiku lonse akazi awo ali kudambo. Anali ndi galu wofiirira dzina lake Polepole, ndipo dzinalo linadzamuyenera, chifukwa anaphunzira kuyenda pang'onopang'ono pambali pa mbuye wake. Ine galuyo sindinkamufuna pafupi, mukudziwa mmene tinaleredwera, ndipo mayi Tusekile ankamuthamangitsira kuseri ndikafika, kundilemekeza. Tsiku limenelo anandiphikira nthochi, ndinadya, tinalongeza matumba, ndinatsanzika dzuwa litapendeka.

Nditangolowa mumsewu waukulu foni inalira. Ndinayang'ana pansi kuti ndione woimba. Kamphindi komweko ndinamva kuti phuu kutsogolo, galimoto n'kudumpha. Ndinaima chapatsogolo pang'ono. Pakagalasi koonera kumbuyo ndinaona Polepole akudzikoka ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ikukwekwereka pa tala. Ndinamuzindikira bwinobwino. Sindinganene kuti sindinadziwe mwini wake.

Ndikanatsika. Nyumba inali pomwepo, woyenda pansi sakanachedwa kufika. Koma ndinaganiza za anthu kusonkhana, kundiyankhula Chinkhonde chimene ndimangomva moni wokha, ine mkazi ndekha, wobwera, laisensi yake ya miyezi isanu. Ndinaganizanso, ndipo ichi ndi chimene chikundichititsa manyazi kwambiri, kuti ndikatsika ndiyenera kumunyamula ndi manja anga. Ndinaponda mafuta. Ndinafika m'tauni redieta ikutuluka nthunzi, bampala ikulendewera, nyali imodzi itasweka.

Madzulo ake mutaimba, nkhani ya lole inangotuluka yokha. Inu munati, "Bola iwe uli moyo, mlongo wanga, chitsulo ndi chitsulo." Munalembera a inshuwalansi tsiku lomwelo zimene ndinakuuzanizo. Ndiye kuti bodza langa linalowa m'mabuku awo m'dzina lanu.

A inshuwalansi anati sangachite kanthu popanda lipoti la apolisi. Ndinazengereza masabata awiri. Pakati pa masabata amenewo ndinabwerera ku Kaporo pa minibasi, chifukwa makasitomala ankafuna mpunga. Mayi Tusekile anandilandira monga kale, anayeza mpunga, anandithandiza kusoka matumba. Bambo Ambokile anali pakhonde okha, dzanja litamangidwa nsalu yokolekera m'khosi. Sindinafunse za dzanjalo. Sindinafunse za galu.

"Galimoto ili kuti lero, mama?" anandifunsa mayi Tusekile.

"Ili ku galaja. Inagundidwa ndi lole pamsika."

Anandiyang'ana pang'ono, kenaka anati, "Pepani kwambiri." Anapitiriza kusoka thumba.

Kenaka ndinapita kupolisi. Ndinapeza wapolisi wa pamsewu wamkazi, dzina lake Leticia, wamng'ono kwa ine. Ndinamufotokozera za lole ija, mtundu wake ndi mbali imene inachokera, iye akulemba. Atamaliza anati tiyeni tikaione galimotoyo. Ku galaja anagwada, anasuzumira kunsi kwa bampala, anakolowola kanthu ndi cholembera chake n'kundionetsa. Unali ubweya wofiirira, wouma pamodzi ndi magazi.

"Amayi," anatero, "malole akwanu ku Mangochi amamera ubweya?"

Amakaniko onse anasiya ntchito n'kumamvetsera. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinalira pomwepo ngati mwana, ulemu wanga wonse utathera pomwepo, ndipo ndinaulula.

Sanandikalipire. Titabwerera ku ofesi anandiuza kuti woyendetsa akagunda chiweto cha munthu amayenera kuima, kuona ngati chingathandizike, kufunafuna mwini wake, ndi kukanena kupolisi tsiku lisanadutse. Anati kugunda galu ndi ngozi imene ingagwere aliyense, koma kuthawa ndi kunamiza apolisi ndi milandu imene ndinaitola ndekha. Ndinalipira chindapusa, lisiti ndasunga. Kenaka anati lipoti silingatuluke popanda mawu a mwini galu. "Pitani mukawatenge. Kapena mukufuna ndipite ndine?"

Ndinapita m'mawa mwake. Ndinawapeza onse awiri pakhonde, mayi Tusekile akuwameta ndevu amuna awo. Anandipatsa mpando, ndinakana, ndinakhala pansi. Mawu amene ndinakonza m'minibasi anathawa onse. Ndinangoti, "Mayi, Polepole ndinamugunda ndine."

Anapukuta lumo pachitenje chawo. "Tikudziwa, mama. Ndinali kumbuyo kwanu. Munaiwala chingwe chanu chomangira matumba, ndiye ndimathamanga kuti ndikupatseni. Ndinaona mutaima. Ndinaona mukupita."

Achimwene, tangoganizani. Tsiku lija ndinkanena za lole, mayi ameneyu ankadziwa zonse, ndipo anandipepesa.

Ndinafunsa kuti bwanji sananene. Anayankha mosabisa. "Mpunga wanga ndikanagulitsa kwa ndani? Ena amabwera ndi ndowa zawo zophwanya m'mbali, inu mumayeza bwino. Komanso ndimati mwina tsiku lina mudzanena nokha."

Anandiuza kuti galuyo anakhala masiku awiri. Anamunyamula pachitenje mpaka pakhonde, ndipo bambo Ambokile ankamumwetsa madzi ndi supuni, ndi dzanja lawo limodzi logwira ntchito lija. Adokotala a ziweto anali kutali, ndipo panalibe galimoto yomutengera galuyo kumeneko. Galimoto inalipo ndi imene inathawa.

Za dzanja lomangidwa lija ndinazimvanso tsiku limenelo. Kale bambo Ambokile akagwa, Polepole ankathamangira kudambo kukauwa mpaka mayi Tusekile atabwera. Patapita masiku anayi galuyo atafa, bambowo anagwa popita kuchimbudzi. Anagona padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana, akuitana, popanda womva, chifukwa mudzi wonse unali kokolola. Phewa linaguluka. Kuyambira pamenepo mayi Tusekile sapita kudambo nthawi yaitali, ndipo ndime ina ya mpunga yayoyokera m'munda.

Ndinati ndiwapezera kagalu kena. Bambo Ambokile amayankhula movutika, mawu amatuluka limodzilimodzi, koma ndinawamva. "Uja ndinamuphunzitsa ndili ndi miyendo iwiri. Wina ndimuphunzitsa bwanji?"

Mayi Tusekile anavala nsalu yawo ya kutchalitchi n'kupita nane kupolisi. Pofotokoza sanawonjezere kanthu, sanachotsenso kanthu. Anangopempha chimodzi, kuti m'lipotimo asalembe "galu" basi, alembe dzina lake. Leticia analemba. Mudzaliona pa tsamba lachiwiri.

Tsopano za mafomuwa. A inshuwalansi akuti mulembe kalata yochotsa mawu oyamba aja, musaine pamene ndachonga ndi pensulo, ndipo mutumize msanga. Anandichenjeza kuti akhoza kukana kukonza galimoto chifukwa tinachedwa komanso tinayamba ndi bodza, mwinanso akhoza kuthetsa inshuwalansi yonse. Ndawalembera kale kuti inu simunadziwe chilichonse, munangobwereza zimene ndinakuuzani. Akakana, galimotoyo ndikonzetsa ndekha. Ikatuluka ku galaja, ngati mungandilolebe kuigwira, ndikupempha kuti Lachitatu lililonse ndizikawatenga bambo Ambokile kupita nawo kuchipatala kokawongola ziwalo. Pakali pano amapita pa njinga ya kabaza, akazi awo akuyenda pambali atawagwira. Mukaona kuti makiyi ndipereke kwa wina, sindidzatsutsa.

Amayi musawauze. Ndipita ku Mangochi kumapeto kwa mwezi uno, ndikawauza ndekha ndili chogwada. Alamu a Naima mukhoza kuwawerengera kalatayi, sindikufuna kuti muzisenza nokha. Ana muwapsompsone, muwauze kuti azakhali awo akuwasowa.

Pali moni winanso umene ndapatsidwa kuti ndikupatsireni. Dzulo ndinapitanso ku Kaporo kukathandiza kupuntha mpunga wotsalawo. Potsanzika bambo Ambokile anandigwira dzanja n'kuti, "Ndaga, zikomo mwana wanga. Mwini galimoto umupatse moni. Umuuze kuti mlongo wake ndi munthu, chifukwa anabwera yekha kudzaulula, popanda womutuma."

Moniwo ndapereka, achimwene, koma inu mwawerenga kalatayi ndipo mukudziwa kuti sindinapite ndekha. Anandituma ndi wapolisi. Mayi Tusekile akudziwa zimenezi, ndipo anangoyang'ana pansi osawatsutsa amuna awo. Inenso ndinangolandira ulemu umene si wanga. Loweruka ndikubwererako kuti ndikawauze bambowo ndi pakamwa panga. Mundichitire duwa, mundipempherere kuti ulendo uno ndikafika pakhondepo ndisakayankhe kuti zikuyenda.

Ndine mlongo wanu wokulakwirani,

Farida