Bondo Langa ndi Mafilimu a Esnati

Lachisanu, mwezi wa Juni. Kwazizira, ndipo ndakwiya tsiku lonse.

Mafilimu ndadana nawo lero. Ankhondo aja ndi bodza lokhalokha: munthu mmodzi amapha gulu lonse, zipolopolo osatha, malaya osada n'komwe. Koma bola amenewo sandituma kanthu. M'mafilimu oopsa, mayi amamva phokoso kumanda n'kupita yekha kukaona, pamene wa kuno ku Mtunthama angathawe mpaka ku Boma. Ndimaseka n'kugona bwinobwino.

Oipitsitsa ndi achikondi, amene bwenzi langa Esnati amaonera pafoni. Masana wandipeza ndikuweruka kusukulu, manja ali mbuu ndi choko.

"Aphunzitsi, mudzagwada liti?"

"Kugwadira chiyani? Amalume anapita kale kwanu, zonse zinatheka."

"Anafunsa ndi amalume, inu ayi. Mugwade ndi mphete anthu akuona, apo ayi pachinkhoswe mudzavina ndi amalume anuwo."

Ndamuuza kuti mnyamata wa m'filimu sagwira ntchito, amangothamangira ndege mvula ikugwa, ndipo amagwada pakapeti, osati pafumbi la mathirakitala a fodya. Iye wangoti, "Komatu amafunsa."

Amene anajambula filimu imeneyo sindidzamukhululukira.

Ndayeserera kugwada kuseri kwa chitseko. Bondo lamanja lalira ngati nthambi youma, thalauza nalo lakana. Esnati akufuna ndigwade mawa, pamsika, pamene ana anga a Fomu 2 amadzazana. Kaya ndigwade ndi lamanzere, poti lamanjali...