Mtedza wa Faines unapita ku Dedza, mwini wake n'kutsala pamsewu

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 44, ndimakhala kufupi ndi Madisi, ndipo ndakhala msungichuma wa kwaya ya amayi ya patchalitchi pathu kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikulemba kalatayi mtima ukuwawa. Anthu akundinena kuti ndinadya ndalama za ulendo, pomwe sindinatapepo ngakhale ya mchere. Koma zimenezo n'zazing'ono. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi mnzanga Faines, amene ndinamulakwira, ndipo sindikudziwa kuti ndiyambire pati.

Kwaya yathu inaitanidwa ku chikondwerero cha makwaya ku Dedza m'mwezi wa Julaye. Chaka chatha ulendo ngati womwewu anakonza ndi wapampando wathu, Mayi Elizabeti, ndipo anatikweza lole ya fodya. Tinakafika tili mbuu ndi fumbi, mawu atasasa. Ine ndi pakamwa pangapa ndinanena pagulu kuti, "Ife si mabelo a fodya ayi. Chaka chamawa mundisiyire ine, mudzakwera basi ya mipando." Amayi anandiombera m'manja. Mayi Elizabeti anangoti, "Tidzaona." Walira mvula walira matope, Aphungu.

M'mwezi wa Meyi ndinapita ku Mponela kukakumana ndi bambo wina wa mabasi a hayala, a Agustino. Tinagwirizana K1,200,000 basi yaikulu, kupita ndi kubwera. Nditadandaula kuti yachulukitsa, anayamba kundiwerengera zala. Akuti basi ichoka ku Mponela yopanda munthu kudzatitenga, ikatidikirira tsiku lonse, dalaivala ndi kondakitala ayenera kudya, ndipo msewu wathu wa m'mapiriwu umatha matayala. Ndinapereka theka, iwo n'kundigwira chanza. Pepala sitinalembe. Munthu wake ndi wopemphera, moni wake amayamba ndi "mwachisomo", ndiye ndinaona ngati kupempha pepala n'kumunyoza.

Analembetsa anthu 48, aliyense K25,000. Kwathu kuno nyengo imeneyo ambiri ndalama m'manja mulibe, choncho tinalola kuti wosowa ndalama abweretse ndowa zitatu za mtedza wamakoko, ine ndigulitse. M'kwaya mwathu muli amayi asanu ndi anayi a ku esiteti ya fodya kuseri kwa phiri, matenanti ochokera ku Phalombe ndi ku Mulanje. Amenewa alibe minda yawoyawo. Mtedza wawo anaupeza ndi ganyu wokumba m'minda ya anthu komanso kukunkha wotsalira m'nthaka, koma ndi iwo amene anayamba kumaliza kupereka. Faines, mmodzi wa iwo, anasenza yekha ndowa zake maulendo atatu, mtunda wa maola awiri.

Faines ndiye amayambitsa nyimbo m'kwaya mwathu. Komanso chaka chimene ndinachitidwa opaleshoni, abale anga onse ali kalikiliki ndi fodya, ndi iyeyu amene anandidikirira kuchipatala masabata awiri, akugona pansi. Tsiku limene anatula ndowa yomaliza anandiuza akuseka kuti, "Achemwali, ine kuno ndinabwera pa lole, nditakhalira thumba la mapoto. Mundisungire mpando wa pawindo, nane ndione dziko ngati munthu." Ndinamulonjeza.

Kutatsala masiku khumi, a Agustino anaimba foni. "Mayi, dizilo wakwera, komanso sakupezeka, tikuchita kugula wa m'zigubu. Basi yaikulu tsopano ndi K1,750,000. Ngati simukwanitsa, ndikupatsani kosita pa mtengo wakale uja." Kosita ndi kabasi kakang'ono kaja ka anthu 30 ndi pang'ono. Ndinati ndiye mundibwezere theka langa lija ndikafune kwina. Anati, "Imene ija ndinagulira kale matayala." Ndinafunsabe kwa ena awiri, mitengo yawo ndinachita kugwira pamutu.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Sindinauze munthu. Ndikati nditsegule pakamwa, ndinkaona nkhope ya Mayi Elizabeti ndi "tidzaona" wawo uja. Ndinadziuza kuti paulendo uliwonse ena amalephera, otsalafe tidzapanikizana. Ndipo Mulungu andikhululukire, dzulo lake la ulendo kutagwa maliro m'mudzi wina, nditamva kuti amayi khumi sapita nawo, mtima wanga unakhala pansi. Ndinakondwera ndi maliro, Aphungu, ine mayi wa kwaya.

Tinali titapangana kuti basi iyambire patchalitchi, ndipo amayi a ku esiteti tiwapeze pamphambano ya kumsewu wa tala, poti kwa iwo ndi pafupi. Kosita itafika anthu anang'ung'udza, komabe anathamangira mipando. Nditayamba kuwerenga ndinapeza muli anthu asanu ndi awiri amene sanalembetse, sanapereke ngakhale tambala: apongozi awo a Mayi Elizabeti, akazi a mkulu wina wa mpingo ndi mng'ono wawo, ndi ena oti akukaona abale ku Dedza, matumba a mbatata ali pamiyendo. Anakhala kutsogolo, kumawindo. Ndinanong'oneza wapampando, koma iwo anandiyankha mokweza kuti aliyense amve: "Ndiye mukufuna kutsitsa amayi akuluakulu atakhala kale? Kwanu mumatero? Mukanabweretsa basi yaikulu munalonjeza ija, bwenzi malo alipo." Kwathu kuno wamkulu akakhala, wakhala. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinawasiya.

Dalaivala ananeneratu kuti sawonjezeranso munthu, akuopa apolisi apamsewu. Tikuyandikira pamphambano ndinawaona patali, onse asanu ndi anayi, atavala kale yunifomu yawo yoyera, yosita bwinobwino. Faines anali patsogolo, akukupiza kampango, akuvina pang'onopang'ono. Dalaivala anachepetsa liwiro n'kundifunsa, "Mayi, tiime?" Ndinati, "Pitirirani." Mawu amenewo ndi anga, palibe anandikakamiza. Ndinawerama ngati ndikufuna kanthu m'chikwama mpaka tinadutsa. Ndinamva pambuyo pake kuti anadikira mpaka masana, akuganiza kuti basi yaikulu ikubwera m'mbuyo.

Ku Dedza tinaimba zosokonekera, woyambitsa kulibe. Okwera ulere aja sanaponde n'komwe patchalitchi, anatsika pamsika n'kudzatipeza madzulo, matumba atasintha kukhala a kachewere.

Tsopano onse andiukira. Amayi a kumaliro aja akufuna ndalama zawo. Mayi Elizabeti akuuza anthu kuti ndinachita dala kutenga basi yaing'ono kuti ndalama yotsala ndigulire malata, pomwe malata anga ndinagula chaka chatha ndi ndalama za soya. Okwera ulere ndiwo akutsogolera misecheyo, ndipo zimandiwawa kuwaona Lamulungu atakhala mpando wakutsogolo, maso ali gwa. A Agustino foni yanga sakuyankha.

Faines sanatukwane. Ndinakumana naye kuchigayo, anandipatsa moni wa mlendo, n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Achemwali, mtedza wanga unafika bwino ku Dedza?" Ndinangosenza ufa wanga n'kuchoka. Amayi a ku esiteti onse anasiya kubwera ku kwaya. Ndamva kuti Faines akuganiza kuti dalaivala ndiye anakana kuima, ine n'kulephera kumuletsa. Sakudziwa kuti anati "pitirirani" ndine.

Fodya wagulitsidwa, ndipo mwezi wamawa lole ya bwana wawo iwatenga kubwerera kwawo. Amuna anga akuti ndingokhala chete, matenanti ndi anthu opita. Ndimuuze zoona, kapena apite akundiyesabe wofooka chabe? Ndibweze za m'thumba mwanga pomwe amene analanda mipando ali phee? Kapena ndingosiya kwayayo? Ndithandizeni.

E.K., Madisi


Mayi E.K.,

Ndalama simunadye, ndakukhulupirirani. Wakuba salemba kalata yodziulula chonchi. Koma musadzinamize kuti dizilo ndiye anasiya Faines pamsewu. Dizilo anakwerera aliyense. Inu munali ndi masiku khumi oti muitane amayi n'kunena kuti zinthu zasintha, tiwonjezere, tikwere lole, kapena tichite maere. Mukanasekedwa tsiku limodzi basi. Munaopa Mayi Elizabeti kuposa mmene munakondera mnzanu, ndipo mtengo wa manyazi anuwo analipira ndi anthu osauka kuposa onse m'gululo.

Yambani ndi Faines, sabata ino. Musaimbe foni, musatume munthu. Yendani wapansi mtunda womwe uja anayenda iye, mutasenza mtedza. Mubweze ndowa kwa ndowa, osati ndalama, chifukwa mtedza wa mu Meyi si mtengo wake wa lero. Mukafika muuzeni kuti anati "pitirirani" ndinu. M'kosita muja munali makutu oposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo wina anamva. Akadzamva kwa ena, mudzakhala mutamusiya kawiri. Musapite ndi nkhani ya dizilo kapena ya apongozi a eni ake, zimenezo akuzidziwa kale. Nenani kulakwa kwanu, kenako mutseke pakamwa mumve zake. Akalira, akakukalipirani, akakana kukukhululukirani tsiku lomwelo, ndi ufulu wake.

Amuna anu muwafunse funso ili: pamene munagona kuchipatala, Faines akugona pansi pambali panu, anali munthu wopita?

Kwaya musasiye. Mukathawa lero, ndiye kuti mwavomera nkhani ya malata. Pemphani atsogoleri a mpingo aitanitse msonkhano, mubwere ndi kope la maina, mauthenga a pafoni a eni basi, ndi chilichonse chosonyeza kumene kwacha iliyonse inapita. Yambani n'kuvomera kuti munabisa za kosita. Mukatero mudzakhala ndi pakamwa potchulira maina a anthu asanu ndi awiri aja. Inde, wamkulu sadzutsidwa pampando, koma kumuuza mtengo wa mpando umene anakhala si mwano. Aliyense apereke K25,000 yake, ipite kwa amayi a ku esiteti. Yopereweracho muyambe ndinu kuponyapo, ena atsatire. Amayi a kumaliro nawo musawakankhe ndi mawu oti anatsala okha. Akanabwera akanakhala pati? Gulu ligwirizane chowabwezera, ngakhale pang'onopang'ono.

Kwa a Agustino pitani ndi anthu awiri, mukawakumbutse kuti kosita siidya ngati basi yaikulu, achotseko kenakake. Mwina achita manyazi. Koma musaikepo mtima, chanza si umboni.

Ulendo wina musadzasenzenso nokha, mutu umodzi susenza denga. Mudzakhale atatu, mufunse mitengo kwa eni mabasi angapo, ndipo zonse zilembedwe: kukula kwa basi, nambala yake, mipando ingati, malo oyambira, nthawi yodikirira, amene alipire mafuta akakwera, ndi zobweza ndalama mwini basi akasintha mawu. Wopemphera weniweni sakwiya ndi pepala. Pa chopereka cha aliyense muziwonjezerapo kangachepe koyembekezera zadzidzidzi, kakatsala mudzagawana. Basi izikayamba kutenga anthu akutali, apafupi akwere pomaliza. Ndipo pakhomo pa basi paime mayi wouma m'maso ndi kope m'manja, woti ngakhale apongozi ake omwe awafunse dzina.

Ngati mtima ukukutumani kuchita zoposa pamenepa, lonjezo la mpando wa pawindo likadalipo. Mabasi a kum'mwera amadutsa pa Madisi tsiku lililonse, ndipo tikiti imodzi siingakugwetseni. Koma zimenezo zibwere pambuyo pa choonadi, osati m'malo mwake. Akakana, musaumirize. Si chiphuphu.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire kuti msonkhano uchitike kaye, kapena kuti okwera ulere alipire, kenako mupite kuseri kwa phiri. Misonkhano ya kutchalitchi imasunthidwa, lole ya bwana siisunthidwa. Mukazengereza, tsiku lina mudzaima pamphambano pomwe paja mukukupiza mpango, lole ikudutsa, Faines atakhalira thumba lake la mapoto. Ndipo tsiku limenelo wowerama ngati akufuna kanthu m'chikwama adzakhala iye.

Aphungu