Tonse Tikuchoka pa Namwera

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo, kungoti ine mtima sukukhala m'malo. Ndabwera ku holide kuchokera ku Zomba, koma chifikireni ndikungozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndiyambe ndi zabwino. Achimwene Saidi, amene akadali pa usodzi ku Chembe, ali ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Chimanga chachitako bwino pambuyo pa chilala chija. Mbuzi yanu yamawanga ija ndiye anaigwira fisi.

Nkhondo ya ku Mozambiki yatha, amayi. Malole akudutsa tsiku ndi tsiku kubwezera anthu kwawo. Mng'ono wanu Abiti Jana, amene munawalandira atafika mapazi otupa, mwana kumsana, nawonso akumanga katundu. Paja anthu atanena kuti chakudya sichitikwanira, inu munati, "M'bale sayezedwa ndi mbale." Chichokereni inu, iwowa ndi amene akhala akusamalira ababa, omwe maso awo tsopano akuchita chidima.

Tsono imvani yanga. Ku koleji andisankha kuti ndikaphunzire chaka chimodzi ku Ulaya. N'zosinthana: ophunzira awo abwera kuno, ife tipita kwawo. Ndi maphunziro a zachuma omwe aja munkandiseka nawo kuti, "Chuma n'kuchiphunzira m'buku? Tiye kumsika ukagulitse tomato." Aphunzitsi akufuna yankho sukulu ikatsegulira.

Ndinatsimikiza zokana. Lachisanu, ababa atabwerako ku mzikiti, ndinakhala nawo pakhonde n'kuwafotokozera zonse. Ndinati, "Ababa, sindipita. Ku Zomba n'pafupi, ndizitha kubwera. Amayi aang'ono akachoka, akuyang'anirani ndani?"

Anasisita ndodo yawo. Kenako anati, "Halima, ukakana chifukwa cha maso angawa, tsiku lina udzandiyang'ana ndi diso loipa, ndipo ngakhale sindiona, ndidzadziwa."

Ndinayamba kulira. Iwo anaitana amayi aang'ono, ndipo m'pamene ndinamva kuti anali atagwirizana kale. Ababa akupita nawo ku Mandimba, kumudzi kwanu, ndipo amuna a Abiti Jana anavomera kuwamangira kanyumba. "Mayi ako ndinawatenga n'kubwera nawo kuno," anatero ababa akuseka. "Ndipite ndikakhale chikamwini ndili ndi imvi."

Amayi, ndinkayesa mtima ugwa pansi, koma ayi. Anthu obwerako akuti m'minda ya kumeneko mukadali mabomba okwirira. Munthu wosaona bwino aziyenda bwanji? Amayi aang'ono akuti sadzawalola kupitirira pabwalo, koma inu mukuwadziwa amuna anu, samva zoletsedwa. Nanga akadwala, uthenga udzandipeza liti kutsidya la nyanja? Ndimati ndikagwira buku, maso ali pa tsamba, maganizo ali ku Mandimba. Ndikaganiza za ndege, ndimachita mantha, komabe ndisakunamizeni, ndikufuna kupita. Ndikufuna ndikamve kuti anthu a ku Ulaya amati chiyani za ife: chifukwa chake mlimi wa fodya wa kuno amalima chaka chonse n'kumagonabe ndi njala.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndinu. Munabadwira kutsidya la malire, n'kudzagona kuno chifukwa cha ife. Lero abale anu akubwerera kwanu, amuna anu akuwatsatira, mwana wanu akuwoloka nyanja, achimwene ali ku Chembe. Nyumba titseka, makiyi tisiyira Abiti Mussa oyandikana nafe aja. Inu nokha ndi amene mutsale pa Namwera.

Dzulo tinachita sadaka yanu. Anthu anabwera ambiri, ena atavala kale zapaulendo, ndipo shehe anapempherera inu, n'kupemphereranso onse oyenda. Atamwazikana ndinauza ababa kuti ndavomera. Anangogwedeza mutu n'kufunsa ngati kumeneko kuli mzikiti. Ndinati ndikafufuza.

Musandione ngati ndakuthawani, amayi. Ndikadzatsika ndege, sindidzayamba ku Zomba kapena ku Mandimba. Ndidzakwera basi ya ku Namwera, n'kudzabwereka khasu kwa Abiti Mussa, ndidzalambule udzu pamene mwagonapo. Zonse za ku Ulaya mudzayamba kumva ndinu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Halima