Makina Odya Pepala

Lolemba, 3 Juni 1974

Lusaka. Kuzizira. Ndawaona makina osemera zitsulo aja amene a Uledi akhala akundiuza. Aakulu ngati kanyumba, obiriwira, pambali kabati yachitsulo yodzaza mawaya. Kampani ikutseka, mwini wake mzungu wokalamba, akubwerera kwawo. Akuti amayenda njira zisanu: kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, m'mwamba ndi pansi, tebulo kuzungulira, mutu kuwerama. Ndawerenga pa zala ndapeza zisanu ndi zitatu. Ndachita manyazi kufunsa.

Anawayatsa. Kusema okha, munthu manja ali m'thumba. Zaka makumi awiri ndinagwira pa makina ku migodi, zotere sindinazionepo. Ndavomera pomwepo.

A Uledi, amene lole yawo idzanyamule, panja anandifunsa, "A Matiyasi, mwafunsa zonse?" Ndati inde.

Lachinayi, 6 Juni

Chipata. Makina anga akale apita, wagula munthu wa ku Katete. Popanda kutero atsopanowa sakanatheka. Akalewo ndinkawadziwa ndi khutu. Pansi patsala mabawuti anayi ndi banga la mafuta.

Ketilina, mkazi wanga, anabwera kudzaona malo apululuwo. Anangoyang'ana bangalo n'kubwerera kunyumba. Bola akanakalipa.

Lachisanu, 14 Juni

Makina afika. Masiku atatu panjira, pa mapiri a Luangwa lole kukwawa ngati nkhono. Pakhomo la shopu sakulowa. Ku Lusaka ndinayeza m'lifupi, kutalika ndinaiwala. Tagumula khoma.

Anthu mpaka kumsewu. Wina akuti ndi makina osindikizira nyuzi, wina akuti za chipatala.

Ndawazungulira kanayi kufuna zogwirira zopukusa ndi manja. Palibe. Mabatani okhaokha. Tsiku lija ndinkayang'ana chiyani?

M'kabati muli bokosi la matepi a pepala, opombedza ngati bandeji, oboolaboola timabowo. Buku lilipo koma layamba pa tsamba 41.

Lachiwiri, 25 Juni

A magetsi atikokera mawaya atatu, akuti waya mmodzi tinali naye uja sakwanira. Masiku khumi ndi limodzi chifikire makina, opanda ntchito.

A Andireya a chigayo cha ku Madzimoyo abwera panjinga ndi mbale yachitsulo yolumikiza injini ndi chigayo, yosweka pakati. Chitsekereni malire a Rodeshiya zoterezi m'sitolo mulibe. Akuti azimayi abwerera ku mitondo, ena akusenza chimanga mtunda wa maola awiri. Ndalonjeza Loweruka. Pa akale aja inali ntchito ya tsiku limodzi.

Lachitatu, 26 Juni

Ndaika tepi imodzi monga anachitira mzungu uja. Batani lobiriwira. Makina kudya pepalalo, thethethe, tebulo kuyamba kuyenda. Ine chilili, manja osadziwa kopita. Patatha theka la ola kwatuluka kanthu kosalala, kokongola, kopindika ngati khutu la mbuzi. Ndi ka chiyani? A Uledi akatembenuzatembenuza, akuti mwina ka ndege.

Tepi ina, kanthu kena. Matepi onse ali ndi zawozawo, za anthu ena, za makina amene kuno kulibe. Ya mbale ya chigayo palibe.

Ndiye kuti munthu ayenera kuwauza pa pepala. Kuwauza bwanji?

Lolemba, 1 Julayi

Loweruka lapita. A Andireya anangoti, "Bambo, akale aja munawalakwira chiyani?"

Ndaimba foni ku Lusaka. Mzungu ananyamuka sabata yatha.

Mbale ndayamba kuisema ndi tupa. Matuza m'manja ngati wophunzira ntchito, makina ali phee kumbuyo kwanga. Mabowo ake asanu ndi limodzi ayenera kukhala ndendende, apo ayi shafuti idzanjenjemera mpaka kuthyoka. Ndi manja sindingathe.

Lamulungu, 7 Julayi

Titachoka ku Misa kwabwera alamu anga a Mainess, akulu ake a Ketilina. Ine ndi iwo sitimwerana madzi kwenikweni, chikwatire amati ndine wothamangira zinthu. Anapeza tepi patebulo, naiyang'ana padzuwa. Iwo ku ofesi amatumiza mauthenga pa telekisi, zaka khumi tsopano.

Anati, "Alamu, izi ndi zilembo. Zathu mabowo asanu pamzere, izi asanu ndi atatu. Koma ndi zilembo."

Ndaseka. Iwo ayi. Atenga buku lija ndi matepi atatu m'chikwama.

Lachinayi, 11 Julayi

Madzulo aliwonse akaweruka ali kuno. Tepi pa benchi, kanthu kokhala ngati khutu kaja pambali, kope la masamu. Akuti apeza manambala onse ndi zilembo zisanu. Chilembo chilichonse njira imodzi. Kutsogolo ndi kumbuyo ndi njira imodzi basi, chimasintha ndi kachizindikiro kapatsogolo pa nambala. Ndiye zisanu zija. Andilongosolera katatu. Ndikamamva ndimamva, akangotuluka zonse balala.

Mabowo akuboola okha, limodzilimodzi, ndi kamsomali kamene ndawasulira. Pepala ndadula ine. Munthu wa ku migodi kudula mapepala.

Loweruka, 13 Julayi

Tayesa. Mpeni wa makina unatsika ngati mphezi, thyo! Chidutswa chinaboola lata la padenga. Mipeni yatsala iwiri. Ndinakalipa, mawu ena osayenera. A Mainess anavala juzi, anafika pakhomo, n'kubwerera.

"Bukuli silikunena kuti chitsulo chimalola liwiro lanji. Inu mukudziwa. Bwanji simunanene?"

Sanandifunse. Kapena anafunsa? Lachinayi anatchula nambala ina ine n'kugwedeza mutu.

Ndawauza. Chitsulo ichi pang'onopang'ono, mpeni uzilira motsika, ukayamba kuimba nthetemya wapsa. Alemba zonse.

Lachitatu, 17 Julayi

Yatheka. Mabowo asanu ndi limodzi, ndayeza kawiri, palibe lophonya. Ine khutu pa makina chala pa batani lofiira, iwo maso pa tepi. Titatha, Ketilina anabwera ndi tiyi, anatipeza tikungoyang'ana mbale.

Ndinapita nayo ndekha ku Madzimoyo. Injini italira azimayi anatulukira mbali zonse, madengu pamutu, wina nthungululu. A Andireya kundigwira manja onse awiri, akuti ndine katswiri. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za a Mainess, phokoso la chigayo. Ndinangosiya.

Loweruka, 20 Julayi

Mbiri yamveka. A ku Tamanda atumiza chitsulo cha pampu ya madzi, a thonje abwera ndi magiya awiri. Ndalandira zonse. Palibe chimodzi chomwe ndingayambe ndekha.

A Mainess afika masana ndi kalata yotayipa, yosiya ntchito ku ofesi, yosasaina. Aiika pa tebulo la makina. Akuti sadzakhala wothandiza wa munthu, akabwera abwera ngati mwini mnzanga, ndipo ine ndidzaphunzira mabowo, iwo chitsulo. Ntchito ya penshoni, mayi wamasiye wa ana anayi. Ndinati aganize bwino. Anati aganiza kale, wotsala ndine.

Ndinayang'ana Ketilina. Iye maso kudenga, pa bowo lija.

Cholembera chinali changa. Ndinawapatsa ndisanadziwe kuti ndayankha. Lolemba akuti 7 koloko, ndibwere ndi kope langalanga.