Kanjinga Kofiira

Lolemba, 5 Meyi

Ndamenya munthu lero. Ndilembe choncho basi, osazungulira.

Pa maloboti a pafupi ndi msika waukulu magalimoto anaima pafupifupi ola lathunthu. Dzuwa, utsi, mahutala. Mwana wanga ali kumbuyo, chikwama cha kusukulu pamiyendo, wachedwa kale. Ine ndili ndi makina osindikizira atatu oti ndikonze isanakwane nthawi ya nkhomaliro, maofesi atatu osiyana. Ndiye mkulu wina wa kalole akulowetsa mphuno kutsogolo kwanga, n'kundithyolera galasi la m'mbali. Sindikukumbukira kuti chitseko ndinatsegula liti. Ndinamukoka kolala kudzera pazenera. Chibakera choyamba, chachiwiri. Magazi pa malaya ake oyera. Anali wamkulu kwa ine, imvi m'mbali monsemu. Sanabwezere. Anangogwira pakamwa n'kunena kuti, "Achimwene, galasi lokhali?"

Nditabwerera m'galimoto ndinapeza mwana atadzipanikiza pansi pakati pa mipando, atatseka makutu. Pageti la sukulu watsika osanditsanzika.

Lachiwiri, 6 Meyi

Mwana wawauza amayi ake zonse.

Akazi anga sanakalipe. Bola akanakalipa. Amasita yunifolomu, osandiyang'ana. Akuti, "Abambo, aka n'kachitatu chaka chino. Pakhomo pano simunakwezepo dzanja, koma mukangogwira chiwongolero mumasanduka munthu wina. Galimoto iyi idzakupherani munthu, mwana akuonerera."

Ndinati adayamba ndi uja. Anazimitsa simbi n'kutuluka panja.

Zala zatupa. Kuntchito sikuludilaiva imangopulumuka m'manja. Bwana anafunsa, ndinati ndadzipana ndi chitseko.

Lachisanu, 9 Meyi

Galimoto yapita. Atenga alamu anga, achimwene awo a akazi anga, omwe akhala akuisirira kuyambira kalekale. Kwa makaniko wa kuseri kwa depoti ndagula kanjinga kamoto, tija timatchedwa sikuta. Kofiira, kogwiritsidwapo kale ntchito koma injini yake ikulira bwino. Kumbuyo ndamangirirako bokosi la zida. Chisoti chakuda, chikununkha mutu wa mwini wake woyamba.

Alamu atandiona ndikulowa pageti anaseka mpaka kugwira khoma. "Alamu, mwatsika pa ng'ombe mwakwera mbuzi."

Asekeni. Mwana azikwera basi ya sukulu. Akazi anga anazungulira kanjingako kawiri, n'kugogoda chisoti ndi chala. "Ichi musamachivule."

Lolemba, 12 Meyi

Maofesi asanu tsiku limodzi. Ndi galimoto ndinkalephera atatu. Ndimangodutsa pakati pa mizere ngati nsomba, anthu ali m'magalimoto mwawo akuphikika. Pa maloboti aja ndinadutsa ndikuimba.

Koma pamsewu sakuona ngati munthu. Basi ina inandipanikizira kungalande mpaka phewa langa linakhula chitsulo chake. Ndinatukwana mitundu yonse ya dalaivala uja, mawu onse n'kuthera m'chisoti. Mwina ndiwo ubwino wake.

Chimutu, mnzanga wa kuntchito, akuti ndipente kanjingaka mtundu wina. Akuti kumsika kwavuta anyamata a njinga zamoto otsomphola mafoni ndi zikwama, ina mwa njingazo ndi yofiira, ndipo anthu atopa nawo. Ndinamufunsa ngati anaonapo wakuba wa mimba ngati yangayi.

Lachitatu, 14 Meyi

Galimoto yoyera inandigunda pang'ono kumbuyo pokhota pa sitolo ya mankhwala. Ndinagwa, bondo la thalauza kung'ambika, khungu kusupuka. Podzuka, sipanala inali kale m'manja. Sindikudziwa kuti bokosi ndinatsegula bwanji. Woyendetsa anali kamnyamata kovala tayi, kakukhoma zitseko. Ndinamenya boneti katatu. Inafwaphika ngati chitini. Anthu a pamzere wa basi anaombera m'manja.

Kunyumba ndanena kuti ndinaterereka pamchenga. Akazi anga anatsuka balalo ndi madzi amchere. Mwana anaima pakhomo la kuchipinda akuyang'ana. Ndinamuitana kuti mawa ndidzamuzungulitse pabwalo pa kanjinga. Anapukusa mutu.

Ndiye kuti vuto silinapite ndi galimoto.

Lachiwiri, 20 Meyi

Kuchipatala. Tsiku lachinayi. Nsagwada zamangidwa ndi mawaya, sindingathe kuyankhula. Nthiti zitatu, dzanja lamanzere mu pulasitala, diso limodzi silikutseguka. Lamanja lasiyidwa, ndiye ndapempha kope ili.

Ndilembe zisanasokonekere m'mutu.

Lachisanu lapitali, cha m'ma 4 koloko masana, ndinkachokera kokonza makina kusukulu ina, ndikudutsa msewu wa kumsika. Njinga yamoto inandipitirira ngati mphepo, anthu awiri, wakumbuyo atakumbatira chikwama. Kutsogolo kunali phokoso. Ndinachepetsa liwiro poti anthu anadzaza msewu. Mayi wina wovala diresi yobiriwira anali atagwa chogwada, akulira. Anadzutsa mutu, n'kundiloza. "Ndi uyo."

Mawu awiri okha.

Wina anaponya thabwa kutayala lakutsogolo. Ndinauluka n'kugwera chagada. Ndisanapume, nsapato zinayamba. M'nthiti, m'mimba, pamsana. Ndinkakuwa kuti si ine, ndine wokonza makina, koma m'chisoti mawu sapita patali. Anachikoka chisoticho lamba asanamasule, ndinamva ngati khosi likuzuka. Chitachoka ndinaona miyendo yokhayokha, ndi thambo pang'ono pakati pake. Njerwa inatera padzanja lomwe ndinatchinga nalo kumaso. Ndinalimva likuthyoka, phokoso lake ngati nkhuni youma.

Anatsegula bokosi langa n'kukhuthulira pansi. Mapulayala, masikuludilaiva, mawaya. Wina anati, "Onani zothyolera nyumba." Mwamuna wa kapu yachikasu anatola sipanala yanga. Ndinamuona bwinobwino. Sanali wokwiya n'komwe, nkhope yake inali ngati ya munthu amene akugwira ntchito yake. Anandimenya nayo apa, pansi pa khutu. Mano anadzaza m'kamwa ngati miyala.

Kenako ndinamva tayala likugubuduzidwa. Wina ankapopa petulo m'thanki ya kanjinga kanga ndi kapaipi. Petulo amene ndinathira ndekha m'mawa. Anandithira kumutu, wozizira, wolowa m'mabala. Ena ankafunsana za machesi. Ndinaganiza za mwana, kuti adzamuuza ndani, ndipo adzamuuza kuti bambo ake anali wakuba.

Amene anandipulumutsa ndi wogulitsa nyama, chimunthu chachikulu cha epuloni ya magazi. Sindimudziwa, sandidziwa. Anandiima pamwamba, mwendo uku mwendo uku, chimpeni chodulira mafupa m'manja. Sanakuwe. Anati, "Akuba anali awiri, adutsa pakhomo pa shopu yanga ndikuona. Uyu ali yekha. Chikwama chili kuti? Woyatsa machesi ayambe wadutsa pano." Wina anamugenda ndi mwala paphewa, iye osasuntha. Anaima choncho mpaka apolisi anafika.

Poti petulo anali atatuluka kale, anayatsa kanjinga. Ndinkamva kutentha kwake kutsaya ndili gone pansi.

Namwino akuti ndisiye kulemba.

Lachinayi, 22 Meyi

Alamu anabweretsa akazi anga ndi mwana pa galimoto ija. Mwana anaima kuphazi kwa bedi nthawi yaitali, akufufuza bambo ake pankhope iyi. Kenako anafunsa amayi ake ngati ndikumva. Ndinakweza chala. Anabwera n'kundigwirira kapu, ine ndikuyamwa phala lamadzimadzi ndi kapaipi ngati khanda. Lina linatayikira pachibwano, anapukuta ndi mkono wa juzi yake.

Alamu sanakhale pansi. Akuti apita kale kumsika kawiri kukafunsafunsa. "Alamu, mungondilembera maonekedwe awo. Zinazo musiyire ine ndi anzanga."

Wapolisi anabweranso. Ndalemba masamba awiri. Akuti akuba enieni sanapezeke, ndipo pa anthu onse aja palibe amene anaona chilichonse. Wogulitsa nyama yekha ndi amene wapereka umboni.

Lamlungu, 25 Meyi

Kunyumba. Fungo la petulo silikuchoka m'mphuno ngakhale asambitse bwanji.

Lolemba, 26 Meyi

Ndalemba mndandanda uja. Wa kapu yachikasu, chipsera pachibwano. Wa nsapato za jombo, amene ankaponda pamimba. Mtsikana wogulitsa matumba amene anandilavulira. Wopopa petulo, wamfupi, malaya a mpira. Ndi mayi wa diresi yobiriwira, pamwamba pa onse, ndamulemba kawiri. Ndikatseka maso ndimawachita zinthu zoti sindingalembe m'kope lino. Ndimayamba ndi mayiyo.

Sindinawapatse alamu. Sindinang'ambenso.

Masana ndinayesa kuyasamula mwangozi, ululu wake ndinakodzera pang'ono m'kabudula. Mwamuna wa zaka makumi anayi ndi ziwiri. Ndinakumbuka mkulu wa kalole uja atagwira pakamwa. Kaya anafika bwanji kwawo, kaya anawauza chiyani ana ake.

Chimutu anabwera ndi moni wa bwana. Sananene kuti ndinakuuza. Anangokhala, n'kumandiuza za makina a kubanki ina amene akudya mapepala, onse alephera, akudikira ine.

Lachitatu, 28 Meyi

Wabwera.

Cha m'ma 10 m'mawa, ndili pampando pabalaza, alamu ali pomwepo poti anabweretsa mankhwala. Kugogoda. Akazi anga anatsegula. Wogulitsa nyama, wopanda epuloni lero, wavala malaya otsukidwa bwino. Ndinafuna kudzuka kuti ndimugwire dzanja. Kumbuyo kwake kunali mayi wamng'ono thupi, wanyamula jumbo ya malalanje. Diresi ina, koma ndinamudziwa asanalowe.

Wogulitsa nyama anati, "Mayi awa akhala akubwera kushopu kwanga tsiku lililonse, akufunsa ngati muli moyo. Apolisi andilozera kuno. Mukafuna tibwerere, tibwerera."

Akazi anga anafunsa kuti ndi ndani. Mayiyo anayankha yekha, maso pansi. "Ndine amene ndinaloza."

Sindinawaonepo akazi anga akumenya munthu zaka zonse khumi ndi zitatu za ukwati wathu. Khofi lake linamveka mpaka kubafa. Malalanje anamwazika pansi ponse. Anamugwira tsitsi n'kumukokera pansi, akulankhula ndi mawu otsika, oopsa kuposa kukuwa. "Ukanandisandutsa wamasiye ndi chala chako. Wabwera ndi malalanje? Akutafuna ndi chiyani?" Mayiyo sanatchinge n'komwe. Mlomo unang'ambika. Alamu anali atavula kale lamba, akumukulunga kudzanja, chitsulo chake chikulendewera. Wogulitsa nyama anaponda sitepe imodzi kulowa m'nyumba, ndipo ndinaona kuti zikathera pati.

Mwana sanapite kusukulu lero, ali ndi chimfine. Anali pakhomo la kuchipinda.

Kudzuka pampando kumanditengera nthawi masiku ano. Ndinadzuka. Nthiti zinabaya ngati mipeni. Ndinayenda masitepe anayi aja n'kuima pakati pa alamu ndi mayiyo, pulasitala kutsogolo. Lamba wa alamu anali kale m'mwamba, anandipeza paphewa. Ndinabuula kudzera m'mawaya, mawu ngati a galu wopondedwa. Onse anaima.

Alamu anati, "Alamu, pepani, pepani. Chokanipo, si inu."

Sindinachoke. Dzanja langa lamanja linali litafumbata lokha. Mayiyo anali pafupi, pansi, mutu wake pa msinkhu wa bondo langa. Ndikanatha. Ndinakodola mwana kuti andipatse kope ndi cholembera, kuti dzanjalo lipeze chogwira. Anabweretsa akuthamanga.

Ndinalemba kuti, Mpatseni mpando. Ndinaonetsa akazi anga. Anawerenga, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kusiya tsitsi lija.

Atakhala, ndinalembanso. Munaona nkhope yanga?

Anati, "Ayi, bambo. Ndinangoona chofiira. M'chikwama munali mankhwala a amayi anga ndi foni. Anandikoka mpaka ndinagwa, podzuka ndinaona chofiira. Nditaona petulo ndinayamba kukuwa kuti mwina si iyeyu, koma panalibe wondimva." Anapukuta mlomo ndi kuseri kwa dzanja. "Sindikugona. Mukafuna kukandimangitsa, tiyeni, ndavala kale zoyendera."

Ndinabweza maso pakope.

Alamu atuluka, akhala m'galimoto panja, sanailize. Wogulitsa nyama wakhala pa sitepe ya pakhonde, mwana akumuonetsa malalanje amene watolera m'siketi. Akazi anga ali kukhitchini, akumenyetsa ziwiya, koma ndamva akutsegula mpopi kudzaza ketulo.

Mayi uja akadali pampando, m'mphepete mwenimweni, manja pamaondo. Ndikulemba izi ali pomwepo, akuyang'ana dzanja langa likuyenda.