Kusala Kudya Ndili ndi Pakati

Lolemba, 3 Malichi 1986
Kunyumba, ku Zengeza 4. Kutentha, mvula ikungoopseza. Amuna anga a Stephano ali ku Mozambiki ndi asilikali anzawo olondera njanji, ndipo chidutsireni Khirisimasi kuli zii. Pa wailesi sanenapo kanthu. Pabwalo ndasesa kawiri popanda chosesa. Pakatipa pafika mwezi wachisanu ndi chimodzi, mwana kukankha osaleka.
Mai Tryphena a ku Seke, amene timakaoda nawo tomato kumsika wa ku Mbare, akuti gulu lawo liyamba kusala mawa. Osadya, osamwa ngakhale dontho, mpaka Lachisanu. "Mwari amamva msanga munthu wouma kukhosi," anatero, Mwari ndiye Mulungu m'Chishona. Ndavomera. Apongozi sindinawauze.

Lachiwiri, 4 Malichi
Kupemphera pathanthwe kuseri kwa nyumba za ku Seke. Nyimbo zawo zonse za Chishona, ine ndimayankhira m'Chichewa chamumtima. Ndatchula dzina la amuna anga mokuwa, ndalira mpaka mawu kusasa. Ndinapepukidwa, zimenezo sindikana.
Kunyumba ndaphikira apongozi sadza, nsima ya kuno, ndi repu, ndati ine ndadya kumsika. Anandiyang'ana pamilomo. Bodza pa tsiku losala! Kaya Mulungu akuziona bwanji.

Lachitatu, 5 Malichi
Mutu waukulu. Ndikaimirira, mdima m'maso. Mkodzo wofiirira ngati tiyi. Potsuka mbale ndinangoyang'ana madzi akutuluka pampopi, koma sindinamwe.
Mwana wakankha kamodzi kokha m'mawa. Mwina wagona. Ambuye, akhale kuti wagona.

Lachisanu, 7 Malichi
Ndikulemba chogona. Dzulo ndinagwa pamzere wodikira basi pa Seke Road. Ndikukumbukira dengu likupendekeka, tomato kugubuduzika m'fumbi, kenako denga la kiliniki ndi diripi pamkono. Sisita Doris, namwino wa azimayi apakati, anaika kachitoliro kake pamimba n'kumvetsera. Nthawi yaitali. Ine nditagwira chitsulo cha bedi. Kenako anati, "Aripo. Mtima ukugunda." Atatero anandikalipira m'Chishona chothamanga, theka sindinamve. Chomwe ndinamva bwino ndi ichi: "Inu mwasankha kusala, nanga mwanayu munamufunsa?"
Apongozi anafika opanda mpango kumutu, chinthu chimene sindinachionepo chikwatiwireni. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga sindikudziwa kumene ali. Mukufuna ndi uyu yemwe ndisamuone?"
Bola akanandimenya.

Lamlungu, 9 Malichi
Kutchalitchi sindinapite, miyendo ikadali yofooka. Mai Tryphena anabwera ndi malalanje, maso pansi. Akuti samayenera kundilola. Sindikuwada. Ndinapita ndekha.
Masana kunabwera a Sailesi, mkulu wa mpingo wathu. Ndinawafunsa chimene chikundidya: pangano langa ndi Mulungu ndalithyola pakati, nanga a Stephano akafa chifukwa cha ine? Anavula magalasi. "Mayi, Mulungu sagulitsa moyo wa munthu ndi njala ya munthu wina. Wodwala, woyamwitsa, wapakati, amenewa sasala chakudya. Ine ndili ndi shuga, ndinaleka kalekale. Salani china." Ndinafunsa kuti china chiti. Akuti chimene chandigwira kwambiri, ndikuchidziwa ndekha.
Ndikuchidziwadi. Wailesi. Nkhani za m'mawa, za masana, za madzulo, khutu pachitsulo, mtima uli m'mwamba, kudikira atchule Mozambiki.
Apongozi akuti chakudyacho asala iwo m'malo mwanga, koma mpaka masana okha, madzi akumwa. A Sailesi avomereza, bola akamva chizungulire adye nthawi yomweyo.

Lachinayi, 13 Malichi
Kusala wailesi n'kowawa kuposa kusala sadza. Dzanja limangopita lokha. Ndaiika pamwamba pa kabati n'kuivundikira ndi chitenje. Nthawi ya nkhani ikakwana timagwada ndi apongozi, ine kuwerenga Masalmo, iwo kupemphera m'Chichewa chawo chakale cha ku Ntcheu. Wailesi ya oyandikana nawo imamveka kukhoma, ndiye ndimawerenga mokweza.
M'mawa ndimadya phala la nsinjiro iwo akundiyang'ana, kapu ya madzi m'manja. Manyazi. Ndikasiya pang'ono amandikankhira mbale.
Mtima sunakhale pansi, ndisaname. Galimoto ikaima panja ndafika kale pawindo. Koma mwana wayambanso kukankha, mwamphamvu ndithu.

Lachitatu, 19 Malichi
Msilikali pageti m'mawa uno. Nditaona yunifomu ndinakhala pansi pomwepo, pakhonde. Iye anafuula asanatsegule n'komwe geti: "Vapenyu, amai! Ali moyo!"
Dzina lake Meshack, wa gulu limodzi ndi a Stephano. Akuti galimoto yawo inaponda bomba lokwirira mu Januwale. A Stephano ali m'chipatala ku Mutare, m'dziko lomwe lino. Mwendo wakumanzere anaudula pansi pa bondo. Analetsa aliyense kutiuza, poopa kuti ndingapite padera. Meshack ataona kuti a Stephano asiya kudya ndi kulankhula, anangoganiza zobwera. "Amangoti mkazi wanga adzandiona bwanji chonchi," anatero.
Apongozi kugwa chafufumimba, kuthokoza uku akulira. Ine misozi osatuluka. Ndinapempha moyo, moyo ndapatsidwa. Komabe ndakwiya, sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani. Miyezi yonseyi ali ku Mutare konkuno!

Lachinayi, 20 Malichi
Tinyamuka ndi basi ya m'mawa, ine ndi apongozi. Sisita Doris wandilola, bola ndizimwa madzi panjira ndi kutsika kuongola miyendo. Lero palibe wosala. Ndawiritsa mazira ndi mbatata, zathu ndi za a Stephano, akadye ine ndikuona.
Ndawalongedzera malaya, buluku, lumo. Nsapato zawo za kutchalitchi ndazipukuta zonse ziwiri ndisanaganize, kenako ndakhala pabedi nditazigwira. Nditenge imodzi? Akaona imodzi adzati ndawerengera kale chimene chasowa. Akaona ziwiri adzati...
Apongozi akuitana panja. Ndaika zonse m'chikwama. Akasankhe okha.